Ndemanga: kabuku ka manotsi a mawu a Old Major, nyenyezi 3 pa 5

Kabukuka kamapezeka pa shopu ina ya fotokope pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo takagwiritsa ntchito teremu yathunthu ndi ana a kalabu ya mtsutso. Kali ndi masamba 24 omangidwa ndi sitepulo ziwiri. Nkhani yake ndi imodzi basi: mawu amene nkhumba yokalamba, Old Major, imayankhula kwa nyama zinzake m'mutu woyamba wa Animal Farm, nthano yophiphiritsa ya George Orwell yomwe inatuluka mu 1945. Kamathandiza mwana kutchula mayina a njira zokopera anthu, koma sikamuonetsa momwe njirazo zinasanjidwira, chonsecho mphamvu ya mawuwo yagona pa kasanjidweko.

Tiyambe ndi pomwe kachita bwino. Wolemba wagawa mawuwo potsata zinthu zitatu zokopera anthu za Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Greece wakale, ethos, pathos ndi logos, ndipo wazimasulira mosavuta: ulemu wa woyankhula, kukhudza mtima, ndi kupereka zifukwa. Pa ulemu wagwira mfundo yeniyeni. Major sayamba ndi kudandaula. Amayamba n'kunena kuti watsala ndi miyezi yochepa, kuti wakhala nthawi yaitali akusinkhasinkha yekha m'khola, ndipo patsogolo amakumbutsa kuti ali ndi zaka 12 ndi ana opitirira 400. Ana athu sachedwa kumva zimenezi, chifukwa kwathu kuno mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo nkhalamba yotsanzika palibe amene amaidula mawu.

Tebulo la patsamba 9 ndiye chinthu chabwino koposa m'kabuku konse. Likuonetsa kuti Major sanena za "kuvutika kwa nyama" mwachisawawa, amaloza chala. Ng'ombe amazifunsa komwe kunapita mkaka wa chaka chatha. Nkhuku amazifunsa kuti pa mazira onse aja ndi angati anaswa anapiye. Clover, hatchi yaikazi, amamufunsa za ana ake anayi, amene aliyense anagulitsidwa atangokwanitsa chaka. Onsewa ndi mafunso achodziwadziwa, ndipo kabuku kafotokoza bwino chifukwa chake amagwira ntchito: womvera amadziyankha yekha mumtima, ndiye mkwiyo umene wabwera amauona ngati wake. Mwana amene wamvetsa tebuloli amasiya kunena kuti "asodzi akuberedwa", amayamba kufunsa msodzi wa ku Senga Bay kuti chigoba cha usipa anagulitsa zingati pagombe, nanga usipa womwewo ukugulitsidwa zingati ukafika ku Lilongwe.

Tsono vuto ndi ili. Kabuku kang'amba mawuwo m'zidutswa, chibwereza apa, funso apo, ngati munthu wofotokoza njinga poyala masipoko pansi. Major anawasanja mwadala. Nyama zinabwera kudzamva maloto, iye n'kunena kuti malotowo adzabwera pambuyo, choncho palibe angachoke. Kenako akuonetsa kuti moyo wawo ndi waufupi, wantchito yakalavulagaga, ndiponso wanjala. Asanatsutsidwe, akudzifunsa yekha ngati umphawiwo ndi wachilengedwe, n'kudziyankha kuti ayi, famu imodzi yomweyo ingathe kudyetsa mahatchi 12, ng'ombe 20 ndi nkhosa mazanamazana. Atatseka khomo limenelo m'pamene akutchula mdani, ndipo mdaniyo ndi mmodzi: munthu, amene amadya koma sapanga kanthu. Mantha akubwera pambuyo pa mkwiyo. Ana a nkhumba akuuzidwa kuti chaka chisanathe adzalira pa mpeni, Boxer, hatchi yamphongo yamphamvu, kuti mphamvu zikadzatha adzagulitsidwa kwa opha mahatchi, agalu kuti mano akadzaguluka adzamangiriridwa njerwa m'khosi n'kuponyedwa m'dziwe. Apo nyama zafika pokana zilizonse, ndiye akuzipatsa njira imodzi, kugalukira, koma tsiku satchula: mwina sabata ya mawa, mwina pakadzapita zaka 100. Lonjezo lopanda tsiku silingagwidwe bodza. Mfundo imeneyi m'kabuku mulibe ngakhale mzere umodzi.

Malotowo nawo, atafika, sanafotokozedwe n'komwe. M'malo mwake Major akuimba nyimbo ya Beasts of England, nyama n'kuibwereza kasanu mpaka Jones, mwini famuyo, kudzuka n'kuombera mfuti mumdima. Kabuku kangolemba kuti nyimbo "imasangalatsa omvera". Ayi ndithu, ntchito yake ndi yoposa pamenepo. Nyama zambiri sizikanakumbukira mfundo, koma nyimbo zinaigwira usiku womwewo. Amene anaimapo pa msonkhano wandale amadziwa kuti anthu pobwerera kunyumba amanyamula nyimbo, manifesito amatsala pabwalo.

Chimene chatitsitsira nyenyezi kwambiri n'chakuti wolemba amawatenga mawu a Major ngati choonadi chopanda banga. Orwell anaikamo ming'alu, ndipo mwana wa mtsutso ayenera kuiona. Major atangomaliza kunena kuti nyama zonse n'zogwirizana, agalu anaona makoswe anayi n'kuwalumphira, mpaka panachitika voti yofunsa ngati makoswe ndi anzawo. Otsutsa anali anayi, agalu atatu ndi mphaka, ndipo mphakayo anapezeka kuti anavota mbali zonse ziwiri. Kabuku kadumpha ndime yonseyi. Kadumphanso mfundo yoti amene akunena kuti palibe nyama yothawa mpeni anamwalira mwamtendere ali m'tulo patangopita masiku atatu. Ndipo tsoka limene analosera Boxer linachitikadi m'mutu 9, koma wogulitsa sanali Jones, zinali nkhumba. Apa ndiye pamene bodza la mdani mmodzi likuonekera: mukanena kuti kuchotsa munthu kuthetsa njala yonse, simunakonzekere wopondereza wochokera m'khola mwanu momwe.

Pali zolakwika ziwiri zofunika kukonza ndi bolopeni musanapatse ana. Patsamba 14 akuti mawu aja oti miyendo inayi njabwino, iwiri njoipa, ananena ndi Major. Amene anafupikitsa choncho malamulo a nyamazo ndi nkhumba ina, Snowball, m'mutu 3, pothandiza nkhosa ndi nyama zina zolephera kuloweza malamulo. Patsamba 17 akuti malamulo 7 olembedwa pakhoma ndi omwewo amene Major anapereka. Sali ofanana ndendende. Iye analetsanso kukhala m'nyumba, kusuta fodya, kugwira ndalama ndi kuchita malonda, ndipo zinayizi sizinafike pakhoma. Kuwauza ana ayike mindandanda iwiriyo moyandikana n'kufufuza zomwe zasowa kumatenga mphindi 15, ndipo kumawaphunzitsa zambiri kuposa mafunso 10 a kumapeto kwa kabuku, omwe pafupifupi onse ndi ongoti "tchulani". Za mbiri yakale kangonena kuti Major akuimira Lenin, mtsogoleri wa chikomyunizimu wa ku Russia. Owerenga ambiri amamuona ngati wophatikiza Karl Marx, mlembi wa mfundo za chikomyunizimu, ndi Lenin, poti nthanoyi ikuphiphiritsa kusintha kwa boma ku Russia mu 1917 ndi zomwe zinatsatira.

Kasindikizidwe n'kapakatikati. Masamba 19 ndi 20 inki inachepa, mizere ya m'munsi sioneka bwino, ndipo sitepulo zimachita dzimbiri msanga ndi chinyezi cha kunyanja kuno, ndiye ndi bwino kumata tepi kumsana tsiku lomwe mwagula. Vuto lina, mawu a Major enieniwo mulibe athunthu, muli tizidutswa tokha. Popanda buku lenileni pambali, kabukuka sikangagwire ntchito.

Kwa mphunzitsi woti adzakonza zolakwikazo n'kuwonjezera za kasanjidwe ndi za makoswe aja, kope imodzi ya kalabu yonse njokwanira. Mwana wowerenga yekha kunyumba ayambe wawerenga mutu woyamba mokweza kawiri, kenako atsegule kabukuka patsamba 9.