Timapaketi ta macrogol: ndamwa miyezi 8 ndili ndi thumbo lotalika mopitiriza

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Mankhwalawa ndi a kudzimbidwa, ufa woyera wa m'timapaketi wosungunula m'madzi, dzina lake lenileni ndi macrogol 3350, ndipo amagulitsidwa ndi mayina angapo. Kuno ku Johannesburg ambiri amangowatcha Movicol. Ndiyambe ndi mmene ndinafikira powagula, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mimba yonga yanga koma simunaidziwe dzina.

Kuyambira ndili mtsikana kwathu ku Ntcheu ndinali munthu wotha masiku anayi, asanu, osapita kuchimbudzi. Amayi ankati ndi ulesi wa kumwa madzi. Agogo ankandisungira papaya. Ndakula nazo choncho mpaka zaka 46. Chimbudzi chikati chibwere, timibulu touma ngati ta mbuzi, kutchima mpaka thukuta kamukamu, ndiye matenda a mudzi nawo sanachedwe kundipeza. Siketi yomwe ndavala bwinobwino m'mawa, pofika madzulo zipi yakana. Tsiku lina kutchalitchi mayi wina wachikulire anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Kodi mayi, mwaimanso?" Ndinangoseka, koma kunyumba ndinakalira.

Nditayamba kuona magazi, adokotala anati ndikapimidwe ndi colonoscopy, kupima kolowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kumunsi kuti aone thumbo lonse lalikulu. Ndinatsatira pepala lawo ndondomeko yake yonse: kusala kudya, kumwa malita 2 a mankhwala otsuka m'matumbo, kugona pafupi ndi khomo la chimbudzi. Nditatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa ndinauzidwa kuti ntchito sinatheke. M'matumbo munali mukadali zotsalira, ndipo kapaipi kanangopindika m'njira, kukana kupita patsogolo. Kusala konse kuja, ndalama zonse zija, tsiku lomwe ndinapempha kuntchito, zonse m'madzi. Papepala analemba mawu awiri, redundant colon, ndipo palibe anakhala nane pansi kundimasulira.

Anandimasulira ndi adokotala ena, patapita milungu. Anatenga cholembera n'kujambula kuseri kwa envelopu. Thumbo lalikulu la munthu wamkulu, iwo anati, limatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo limazungulira m'mimba ngati chitseko: kukwera kumanja, kudutsa pamwamba, kutsika kumanzere. Langa ndi lalitali kuposa apo, ndiye poti malo ndi omwewo, linapindikapindika ngati payipi yothirira dimba yoponyedwa m'ndowa, makamaka cha kumanzere kumunsi. Ntchito ya thumbo limeneli ndi kuyamwa madzi m'zotsala za chakudya. Njira ikatalika, zotsalazo zimachedwa, zikachedwa zimayamwidwa madzi mopitirira, n'chifukwa chake timibulu tija. Si matenda opatsirana, si ufiti, ambiri amabadwa nalo ndipo ena amafa ndi ukalamba osadziwa n'komwe. Ndinakumbukira amayi ndi nkhani yawo ya ulesi wa madzi. Anali ndi mbali yoona, koma osati yonse.

Macrogol amagwira ntchito pamenepo penipeni. Salowa m'magazi. Amagwira madzi omwe mwasungunuliramo n'kuyenda nawo mpaka kuthumbo lalikulu, chimbudzi n'kukhala chofewa ulendo wonse wautaliwo. Kapaketi kamodzi mumasungunula m'madzi okwana mamililita 125, theka la kapu ya tiyi yaikulu ija, n'kutakasa mpaka madzi ayere. Pepala la m'bokosi limati munthu wamkulu amwe kamodzi mpaka katatu patsiku. Ine ndinayamba ndi tiwiri, pano ndimamwa kamodzi m'mawa, ndipo masiku ena ndimadumpha.

Musayembekezere zozizwitsa usiku womwewo. Tsiku loyamba ndinangomva m'mimba mukulira, ndinati ndaponyanso ndalama. Tsiku lachiwiri madzulo ndi pomwe zinayenda, popanda kupotokola, popanda kuthamanga. Apa ndi pamene amasiyana ndi ena omwe ndinayesapo. Mapiritsi a senna ankandidzutsa 4 koloko m'bandakucha ndi m'mimba mopota ngati ndikubereka. Lactulose, madzi otsekemera aja, ankandidzaza mpweya moti mu taxi ndinkakhala ndikupemphera. Ndipo cholakwa changa chachikulu chinali gaga. Aliyense amati wodzimbidwa adye zagaga, ndiye ine ndinkathira gaga wa tirigu m'phala, kuwonjezera nyemba, kabichi, buledi wabulauni. Kwa anthu ena zimathandizadi. Kwa ine zinali ngati kulowetsa malole ambiri mumsewu wodzaza kale. Masamba sindinasiye ayi, therere ndi chisoso ndimadyabe ndikazipeza, papaya ndiye bwenzi, koma ndimawonjezera pang'onopang'ono ndipo botolo la madzi silichoka m'chikwama. Madzi osungunulira mankhwala aja sawerengedwa ngati madzi akumwa a tsikulo, zimenezo n'zolembedwa ndithu.

Koma chomwe ndalembera ndemangayi ndi colonoscopy yachiwiri. Adokotala aja anati munthu wa thumbo ngati langa sangakonzekere tsiku limodzi ngati anzake. Anandiuza ndimwe timapaketi tiwiri patsiku kwa masiku asanu ndisanafike pa mankhwala otsuka aja, kuti akamabwera apeze njira yotseguka kale. Masiku atatu omaliza ndinadya zopanda gaga: nsima ya ufa woyera, mpunga woyera, mazira, nkhuku yopanda khungu, buledi woyera. Bambo a kunyumba anaseka kuti aka n'koyamba kumva dokotala akuletsa mgaiwa. Tomato, magwafa, mtedza, chilichonse cha njere kapena makoko, ayi. Zakumwa zofiira kapena zapepo nazonso ayi, chifukwa pa kamera zimaoneka ngati magazi. Mapiritsi owonjezera magazi ndinasiya kutatsala mlungu wathunthu, amadetsa m'matumbo.

Mankhwala otsukawo anandigawira pawiri, lita imodzi madzulo, ina m'mamawa wa tsiku lopimidwa, osati onse usiku umodzi ngati poyamba paja. Ndinawaika m'furiji, ndinkamwa ndi kapaipi komwera nditakakankhira kumbuyo kwa lilime, kapu imodzi pa mphindi 15 zilizonse, kenako kutsukuluza m'kamwa ndi tiyi wopanda mkaka. Vaseline ndinapaka ndisanayambe maulendo, osadikira kuti payambe kuwotcha. Cha m'ma 6 koloko m'mawa zotuluka zinali madzi achikasu oonekera pansi, opanda kanthu koyandama. Poyamba paja sizinafikepo pamenepo, ndipo ine sindinkadziwa kuti ndicho chizindikiro choti munthu wayera.

M'chipinda chopimira ndinanena ndekha ndisanagone, "Adokotala, musaiwale, thumbo langa ndi lija lalitali." Anandipatsa nthawi yotalikirapo. Ndimakumbukira mwa apo ndi apo anesi akundikanikiza pamimba ndi manja onse awiri kuti kapaipi kasapindike, kenako kunditembenuza chagada, kenako kumanja. Anafika mpaka kumapeto, kumunsi kumanja komwe thumbo lalikulu limayambira. Anapeza kachotupa kamodzi kakang'ono, anakadula pomwepo, ndipo zotsatira zinabwera zoti si khansa. Kachotupa kameneko kanali kupitirira pomwe kamera inathera ulendo woyamba. Ndikaganiza zimenezo thupi limachita tsemwe. Bambo a kunyumba ndi amene anandiyendetsa pobwerera, chifukwa ukalandira mankhwala ogonetsa suloledwa kugwira chiwongolero tsiku limenelo, ndipo njira yonse ankatsegula mawindo osanena kanthu. Mpweya womwe amapopera m'matumbo uja umafuna potulukira.

Ndondomeko ya masiku asanuyo musaitengere kwa ine, inali yanga kuchokera kwa adokotala anga. Chomwe mungatenge n'chakuti muwauze msanga kuti mumadzimbidwa kapena kuti munauzidwapo za thumbo lalitali, tsiku lomwe akukulemberani deti, osati mutavala kale chovala chotseguka kumbuyo chija.

Pali nthawi imene timapaketi timeneti simuyenera kutikhudza n'komwe. Thumbo lalitali limatha kupotana lokha ngati chingwe, njira n'kutsekeka. Vuto limeneli madokotala a opaleshoni kwathu ku Malawi ndi maiko ena a mu Africa muno amalidziwa bwino, limawapeza kawirikawiri, makamaka mwa abambo. Mimba ikatupa mwadzidzidzi n'kulimba ngati ng'oma, kupweteka koopsa, mpweya osatuluka, kusanza, kumeneko si kudzimbidwa kwa masiku onse. Musasungunule kanthu, musadikire kuti kuche, thamangani kuchipatala. Amalume anga ena anachitidwa opaleshoni ya zoterezi ine ndili wamng'ono, ndipo pamudzi anthu ankangoti anadya nsima yambiri paukwati.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa zing'onozing'ono. Muli mchere, ndiye kakomedwe kake ndi ka madzi a mandimu omwe wina wagwetseramo mchere mwangozi. Kuzizira kumathandiza, kuzolowera kumathandizanso, koma sindinganame kuti ndimakondwa nawo. Amene muli ndi BP kapena vuto la impso funsani kaye za mcherewo. Mapiritsi ena musamwere limodzi, siyanitsani ndi ola. Mlungu woyamba mimba inkafufumabe, ndipo nditapupuluma n'kumwa titatu tsiku lina ndinatsegula m'mimba ndili kuntchito. Mtengo nawo, kwa munthu womwa mwezi ndi mwezi, umamveka m'thumba.

China chomwe chinandithandiza pamodzi ndi mankhwalawa sindinagule n'komwe: chidebe chakale cha penti chomwe ndimapondapo ndikakhala pachimbudzi, mawondo akwere kuposa chiuno. Kumudzi tinkanjuta, ndipo thupi limakumbukira.

Mu Disembala ndinapita kumudzi pa basi, masiku awiri kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Dzulo lake la ulendo sindinamwe, aliyense wodziwa zimbudzi za m'malire andimvetsa. Ndinalipira ndi masiku atatu a mimba youma nditafika, kenako zinabwerera m'malo. Amayi anandipeza m'mawa wina ndikutakasa kapu pakhonde, anatenga kapaketi kopanda kanthu, kukatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati ndingawasiyireko tingapo. Iwonso, anatero akuyang'ana kumbali, amatha masiku asanu.