Kubaya piyano ndi singano, mtima unali m'mwamba

Mdala wokonza mapiyano yemwe tinamuitana kudzakonza piyano ya kwaya yathu ndikumupatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ziwirizo zapita chifukwa cha khalidwe. Foni sayankha. Tinapangana m'mawa ku holo ya tchalitchi kwathu ku Chilenje, iye kufika dzuwa litapendeka kwaya yonse ili khale kudikira, kupepesa ayi, m'malo mwake akufunsa ya mafuta pamwamba pa K2,000 yake ija.

Piyano yathu ndi Yamaha U1 yakalekale, imalira ngati ukumenya chitini makamaka makiyi apakati omwe timaimbira kwambiri. Kuchuna anachuna, kiyi ya A pa 440 (muyeso womwe amachunira mapiyano) bwinobwino, koma kulira kwa chitini kuja osachoka. Akuti vuto si mawaya koma tinyundo. Anasolola chimakina chonse chamkati n'kutionetsa, ubweya wa pa tinyundo utauma gwa, ta makiyi apakati kalikonse kali ndi timizere titatu tozama pomwe kamagunda mawaya. Anapala ndi sandipepa mpaka timizere tija kutha, mpaka apo zinali bwino. Kenako eee munthu akutulutsa kachipangizo ka singano n'kuyamba kubaya ubweya uja mopanda chisoni, amayi a tcheya anadzuka n'kukuwa "Bambo mutiphera chinthu, konsati ndi Loweruka lomweli!" iye osatembenuka n'komwe, "Mayi khalani pansi." Mwano umenewo sindinaukonde mpaka pano.

Koma ntchito amaidziwa, ndisaname. Amabaya m'mbali mwa kanyundo kuti ubweya umasuke, pamwamba penipeni pogunda waya amangokhudza pang'ono, akuti ukapyoza kwambiri pamenepo mawu amafa ndiye kuwadzutsa kwake mpaka uthire mankhwala oumitsa. Abaye, abwezeretse, alize pang'onopang'ono, alize mwamphamvu, ayerekeze ndi kiyi yoyandikana nayo, choncho makiyi onse 88, magetsi atapita anapitiriza ndi tochi ya pafoni yomwe sayankha ija.

Pa konsati masoprano anamveka koyamba osalimbana ndi piyano, poimba motsitsa imatsika nawo, woimba akaikanikiza imadzaza holo popanda kulasa m'makutu. Anthu amafunsa ngati tagula ina.

Risiti sanatipatse, fumbi la ubweya tinasesa tokha. Anati mvula ikayamba mu Novembala chinyezi chidzasokoneza machunidwe ndiye tidzamufunanso. Mukamuitana muuzeni kuti konsati ndi mawa ngakhale ili sabata yamawa, ndipo ya mafutayo mugwirizaniretu pafoni, akayankha.