Alamu imene inakhala chete pamene mpeni unkang'amba denga la galimoto yanga

Ndikulemba ndemanga iyi patatha miyezi isanu ndi itatu chiikitsireni alamu ndi tracker (kachipangizo kosonyeza pa foni pamene galimoto ili) pa shopu ya zamagetsi a galimoto ija ya kumunsi kwa tauni, kumene ambiri a muno m'Chipata amathamangira galimoto yawo ikangofika kuchokera ku Nakonde. Dzina la shopuyo sinditchula, pakuti mwa anthu ogwira ntchito kumeneko muli bambo mmodzi wachikulire amene sindifuna kumudetsera mbiri chifukwa cha pakamwa pa mnyamata wa pa kauntala. Galimoto yanga ndi Mazda Roadster ya 1999, imene kumaiko ena amaitcha MX-5, ya mipando iwiri ndi denga la nsalu lopindikira kumbuyo. Ndinalipira K3,800 imene ankalipiritsa aliyense pa nthawiyo, ndipo ntchito inatha tsiku lomwelo madzulo.

Ndisanapereke ndalama ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo ndinalibwereza kawiri kuti pasadzakhale kukana. Ndinati, kodi munthu akabwera ndi mpeni kapena lezala n'kung'amba nsalu ya dengali, alamu yanuyi idzalira? Mnyamatayo, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi mwana wa eni shopu, anaseka n'kunena kuti, "Bwana, ngakhale ntchentche itatera pagalimoto yanu, tauni yonse idzadzuka. Inu kagoneni tulo." Anatuluka nane panja, anamenya tayala lakutsogolo ndi nsapato, alamu inalira mpaka amayi ogulitsa nthochi tsidya lina la msewu anatembenuka. Ndinakhutira ndi chionetsero chimenecho, ndipo apa ndivomereze kuti kulakwa kwina kunali kwanga, popeza tayala ndi denga ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Loweruka lomaliza la February 2025 linali tsiku la Nc'wala. Aliyense wodziwa m'mene msewu wa ku Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambo wa Angoni umenewu, umadzazira tsiku limenelo angamvetse chifukwa chake sindinafune kupitako ndi kagalimoto kotsika chotere, kamene kamakhula pansi ngakhale pa mahampu a m'tauni. Ndinaisiya pafupi ndi Down Shops, pamalo poonekera, ndinatseka denga, ndinakhoma zitseko, ndinaichinikiza alamu mpaka inayankha, kenako ndinakwera galimoto ya mlamu wanga. Pampando ndinasiyapo jekete lakale ndi chikwama cha laputopu chopanda kanthu m'kati, choti ndinkangosungiramo mapepala a msonkho wa pamsewu.

Tinabwerera cha m'ma 18:00, mvula itangokata kumene. Ndili chapatali ndinaona kuti denga lagwa mbali ya dalaivala ngati tenti yothyoka mtengo. Nditayandikira ndinapeza kuti alidula ndi chinthu chakuthwa kuyambira pamwamba pa windo mpaka pafupi ndi galasi lakumbuyo, mng'alu wautali kuposa mkono wanga, wowongoka bwino ngati wadulidwa ndi telala. Jekete ndi chikwama zinali zitapita. Madzi a mvula anali atadzaza pa mipando ndi pansi pa makapeti, moti nditatsegula chitseko anatuluka n'kundinyowetsa nsapato. Zitseko zinali zokhoma monga ndinazisiyira, ndipo kanyale kofiira ka alamu kanali kakuthwanimabe mwamtendere pafupi ndi chiwongolero, kusonyeza kuti kwa iyo palibe chinachitika. Mlonda wa sitolo yapafupi anandiuza kuti tsiku lonse sanamve kulira kulikonse, ndipo ndikumukhulupirira. Zimene kawalalayo anatenga sizikwana K200, koma mtengo wa denga latsopano umene ndinauzidwa, kuphatikizapo kuliitanitsa kunja ndi kuliika, unadutsa K11,000. Inshuwalansi yanga inali ya third party, ija imene lamulo limafuna, ndipo monga mudziwa imeneyo imalipira zimene mwawonongera anthu ena, zanu siziikhudza.

Lolemba m'mawa ndinabwerera ku shopu ndi lisiti m'manja. Sindinapite kukafuna kuti andigulire denga, pakuti wodula sanali iwo. Ndinkafuna kuti avomereze kuti anandiuza zabodza, ndi kuti akonze. Mnyamata uja anayang'ana mng'aluwo ali chikhalire, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Bwana, ifetu tinakugulitsani alamu ya galimoto, osati ya tenti." Anzake awiri amene anali pamenepo anaseka. Ndinamukumbutsa za ntchentche ija, iye anati sakumbukira kuti ananenapo zotero, ndipo anawonjezera kuti ngati ndikufuna china chake choposa pamenepo ndilipirenso. Ndakhala ndikugula katundu m'masitolo a m'Chipata zaka zoposa makumi awiri, kwa amwenye ndi kwa anzathu omwe, koma sindinanyozedwepo chotero ndi mwana amene ndikanatha kumubereka. Ndemanga iyi ndikanailemba tsiku limenelo, ikanakhala ya nyenyezi imodzi ndi mawu amene sindikanafuna kuti ana anga awerenge.

Ndili pafupi kunyamuka, bambo wachikulire wa ovolosi yobiriwira anatuluka pansi pa minibasi imene ankakonza, anapukuta m'manja, n'kundipempha kuti aone galimotoyo. Anaizungulira osalankhula, anagwira nsaluyo, anasuzumira pansi pa chiwongolero, kenako anati, "Bambo, pepani. Alamu imeneyi ilibe vuto, koma si ya galimoto yanu. Akanandiitana tsiku lija ndikanawaletsa." Anandifotokozera zimene mnyamatayo sankadziwa kapena sanafune kunena. Alamu wamba imadalira zinthu ziwiri: kaswichi ka pachitseko, komwe kamayatsanso nyale ya m'kati chitseko chikatseguka, ndi sensa yomva kugwedezeka munthu akamenya kapena akaswa galasi. Mpeni wakuthwa ukamadutsa mu nsalu sugwedeza galimoto, ndipo wakuba akalowetsa dzanja pa mng'alu sakhala atatsegula chitseko, kotero alamu ilibe chimene ingamve. Anatinso masensa a ultrasonic, aja amaikidwa awiri m'makona a galasi lakutsogolo, amafuna galimoto yotsekeka bwino mpweya, ndipo pa denga la nsalu amangolira pachabe mphepo ikagwedeza nsaluyo, mpaka mwini wake amatopa n'kuwazimitsa.

Chimene iwo anandiikira ndi sensa ya microwave, kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kamene anakabisa pakati pa mipando iwiri. Kameneka kamatulutsa mafunde odutsa nsalu, pulasitiki ndi galasi, ndipo kamazindikira thupi la munthu likamayenda pafupi, denga likhale lotseka kapena lotsegula. Kali ndi malire awiri. Munthu akayandikira kwambiri kunja, alamu imangolira pang'ono momuchenjeza, koma akalowetsa dzanja m'kati imalira ndi mphamvu zonse. Kukachuna kunatitengera maulendo awiri, chifukwa poyamba kankalira ndi mvula yamphamvu ndiponso ndi wanjinga aliyense wodutsa pafupi, ndipo aliyense adziwa kuchuluka kwa njinga za kabaza muno. Bamboyo sananyinyirike. Ankaima panja n'kumasendera pang'onopang'ono atatambasula dzanja, uku akundiuza kuti nditembenuze kasikuluu pang'ono, mpaka malire akunja anafika pafupifupi theka la mkono kuchokera pachitseko.

Atayang'ana kiyi wanga anati alibe chip, kachipangizo kothandiza galimoto kuzindikira kiyi wake, kutanthauza kuti aliyense wothyola poikira kiyi akhoza kuliza injini. Pa chifukwa chimenechi anadula waya wopita ku pampu ya mafuta n'kuikapo kaswichi kobisika, kamene malo ake sindiwatchula pano, ndipo anasintha sayirini n'kuika ina yokhala ndi batire lakelake. Zonsezi ndinalipira K1,250, ndipo ndinaona ndi maso anga akukangana ndi mnyamata uja kuti ya ntchito asandilipiritse. Anandipatsanso malangizo amene poyamba ndinawaona ngati nthabwala. Anati, "Bambo, denga ili ndi nsalu, ndipo loko wa pachitseko sateteza nsalu. Musasiye kanthu pampando, ngakhale pepala la shuga lopanda kanthu. Kabokosi kakutsogolo muzikasiya kotsegula kuti aone kuti mulibe kanthu, ka pakati muzikakhoma chifukwa ndi momwe muli chotsegulira buti, ndipo zitseko musamakhome." Ndinati, "Atate, mukuti ndisiye galimoto yosakhoma m'tauni muno?" Anayankha kuti wofuna kusecha atsegule chitseko, alamu imuthamangitse, kusiyana n'kuti adule denga kuti apeze zomwezo. Masana ndimatsatira zimenezi, ndipo ndimawonjezera chitsulo chokhomera chiwongolero cha K350 kuti woona adziwe kuti pali ntchito. Usiku mtima sundilola, ndimakhomabe.

Ntchito ya bamboyo inayesedwa mu July, usiku wina wozizira malaiti atapita, moti nyale za panja pa nyumba zinali zozima. Cha m'ma 02:00 ndinadzidzimuka ndi kulira kwa sayirini, ndipo mkati mwa phokosolo ndinamva injini ikutembenuka katatu koma osalira. Ndinafuula pawindo, aneba anayatsa matochi, agalu anayamba kuuwa, ndipo anthu awiri analumpha mpanda chakumbuyo. Nditatuluka ndinapeza boneti yotsegula ndi waya wa sayirini wodulidwa, koma iyo inali ikulirabe ndi batire lake lija. Zikuoneka kuti ankafuna kuchotsa batire la galimoto kuti zonse zizime, osadziwa kuti pa Roadster ya zaka zimenezi batire limakhala mu buti. Usiku umenewo ndinali nditaiwala kuika chitsulo cha chiwongolero ndi kukhoma chitseko cha mbali ya wokwera, ndipo ndi momwe analowera, denga osalikhudza. Poikira kiyi panali pothyoka, nsonga ya sikuludiraiva itatsalira m'kati. Popanda kaswichi ka pampu ya mafuta kaja, galimotoyo ikanatuluka, ndipo kuchokera pano kufika ku malire a Mwami ndi mtunda wa mphindi zosakwana makumi atatu.

M'mawa mwake ndinapita ku shopu ndi nkhuku yamoyo ya bamboyo. Anailandira ndi manja awiri, anafunsa ngati kunyumba tonse tili bwino, kenako anandikonzera poikira kiyi tsiku lomwelo. Mnyamata wa pa kauntala, atamva nkhaniyi, anayamba kuuza kasitomala wina pamaso panga kuti umenewu ndi umboni wa mphamvu ya alamu zawo. Sindinamuyankhe.

Za tracker ndilibe zambiri. Imagwira ntchito malinga ngati mu SIM yake muli bandulo, imasonyeza bwino pa foni pamene galimoto yaima m'tauni, koma ndikamapita ku Lusaka imasowa kwa nthawi ndithu m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kumene netiweki imavuta. Chimene sanandiuze pogula n'chakuti tracker ndi alamu zimadya moto galimoto ili chiimire, ndipo batire la galimoto yotereyi ndi laling'ono. Nditaisiya masabata awiri osailiza ndinapeza lathera.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za bambo wa ovolosi yobiriwira. Amene muli ndi galimoto ya denga la nsalu, kapena ya mtundu wina uliwonse wosazolowereka, mukafika pa shopuyo musakambe mtengo pa kauntala musanaonane nawo, ndipo muwauze ayesere alamuyo polowetsa dzanja pawindo lotsegula inu mukuona, asakusonyezeni zomenya tayala. Denga langa linasokedwa ndi munthu wosoka mipando ya galimoto pafupi ndi msika wa Kapata pa K600, ndi chigamba cha nsalu ya tenti chimene mtundu wake sufanana ndi wa dengalo, ndipo pa mvula yomaliza ya mu April linadontha pa phewa langa lamanja. Sensa yakale yomva kugwedezeka anaichotsa n'kuibweza mu shelefu yawo, ndipo eni shopu analonjeza mu March kuti andibwezera K450 yake. Ndapitako kanayi, nthawi zonse amati abwana atuluka.