C0G, X7R kapena Y5V: nambala yolembedwa pa paketi ya kapasita si imene mumaipeza pabolodi

Anzanga okonza ndi kulumikiza mabolodi a zipangizo zamagetsi akhala akundifunsa funso limodzimodzi, moti ndaona kuti ndingoyankha pano kamodzi. Amati makapasita aseramiki, tizipangizo tadothi tosunga magetsi, onse amaoneka ofanana, timabokosi tofiirira topanda n'chilembo chomwe, ndiye n'kuvutikiranji ndi C0G, X7R, X5R ndi Y5V? Ndineneretu kuti Y5V ndili nayo chakukhosi, muwerenge mukudziwa zimenezo.

Kapangidwe kake n'kamodzi: timapepala tadothi topyapyala kwambiri tosanjikizana ndi tachitsulo, masiku ano kawirikawiri nikelo, n'kuwotchera pamodzi. Chosiyana ndi dothilo. C0G, imene ena amati NP0, ambiri amaipanga ndi calcium zirconate, dothi losasunga magetsi ambiri koma losasinthasintha. Atatu enawo amachokera ku barium titanate, imene akatswiri a ku America, Japan ndi Soviet Union anatulukira mphamvu zake m'zaka za m'ma 1940, aliyense payekha. Iyoyo imasunga magetsi ochuluka zedi pamalo ochepa, n'chifukwa chake 10 µF (µF ndi muyeso wa magetsi amene kapasita ingasunge) imakwana m'kanthu konyamula ndi kapanira. Koma kuwolowa manja kumeneko kuli ndi msonkho wake.

Za kutentha tisatayepo nthawi, zili m'zilembozo. X7R imapirira kuyambira -55 mpaka 125 °C ndipo imasintha osapitirira 15%. X5R n'chimodzimodzi, kungoti imalekezera pa 85 °C. C0G imasuntha magawo 30 okha pa miliyoni pa digiri iliyonse, tingoti siyisuntha. Y5V yokha inaloledwa kukwera ndi 22% kapena kutsika ndi 82% pakati pa -30 ndi 85 °C. Ndiye kuti 10 µF itha kusanduka 1.8 µF popanda wophwanya lamulo.

Chimene zilembozo sizinena, ndipo ogulitsa ambiri satchula, ndi zimene zimachitika kapasita ikalandira magetsi a DC, oyenda mbali imodzi osasinthasintha. Apa ndi pamene panandiluma.

Ndinaitanitsa X7R za 10 µF, 16 V, saizi 1206, zoti zikhale potulukira magetsi pa regyuleta ya 5 V, kachipangizo kosunga volteji pamlingo umodzi, pamabolodi oyendetsa kamota kakang'ono. Wogulitsa wina, osandiuza kanthu, anatumiza Y5V za 10 V zasaizi yomweyo. Nditafunsa anangoti, "Bwana, 10 µF ndi 10 µF, voltejinso ikukwana." Pamita zinkaonetsadi pafupifupi 10 µF. Mabolodi ali pabenchi ankagwira bwinobwino. Kungowatsekera m'bokosi lake n'kutenthera pang'ono, mota ikati iyambe, kachipangizo kowongolera kankazima n'kuyambiranso. Pa osilosikopu, chida chojambula mmene volteji ikuyendera, mzere wa 5 V unkachita kugwa chagada kamphindi kochepa n'kudzukanso. Nditayeza kapasita imodzi ikulandira 5 V, inali yosakwana n'theka lomwe la nambala yake, kutentha kusanadyepo gawo lake.

Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa barium titanate muli timagawo ting'onoting'ono timene timatembenuka kutsatira magetsi, ndipo kutembenukako ndiko kumasunga mphamvu. Mukaika DC, timagawoto timakokedwera mbali imodzi n'kuumirira komweko, totsala toti tigwedezeke n'tochepa. Zili ngati chingwe chokungika kale, mukachikoka sichibwera. Mita yanu siyingaone zimenezi chifukwa imayeza ndi kamagetsi kochepa kosinthasintha, popanda DC. Nayo volteji yolembedwa pa datasheet, chikalata cha wopanga, imangolonjeza kuti kapasitayo siyibooka ikafika pamenepo. Siyilonjeza kuti ikhalabe 10 µF.

Musaganize kuti X7R ndi X5R n'zoyera pankhaniyi. Nazo zimatsika, makamaka zing'onozing'ono, poti wopanga akafuna kupanikiza 10 µF m'saizi 0603 amapyapyalitsa dothi, ndipo dothi lopyapyala limamva volteji kwambiri. X5R ya 10 µF, 6.3 V, saizi 0603, mukaiika pa 5 V si zachilendo kutaya kuposa theka. Ya nambala yomweyo m'saizi 1206 kapena 1210 imasunga zambiri. Choipanso n'chakuti X7R ziwiri za makampani osiyana, zilembo zofanana, zimatha kutsika mosiyana, chifukwa aliyense ali ndi kasakanizidwe kake ka dothi. Njira ndi imodzi, kuona tchati cha wopangayo. Murata ili ndi SimSurfing pa intaneti, TDK ndi Samsung Electro-Mechanics nawo amaonetsa matchati otere. Mumalemba nambala yonse ya kapasitayo n'kuona mzere ukutsetsereka pamene volteji ikukwera. Kusiyana kwa X7R ndi Y5V n'kwakuti X7R imakudyani mwaulemu, pomwe Y5V imakudyani kawiri, pa volteji ndi pa kutentha.

C0G zonsezi sizikuikhudza. Muike volteji, muchotse, nambala ndi yomweyo.

Kukalamba nakonso kulipo. Ana a barium titanate amatsika pang'onopang'ono ngakhale atangokhala m'kabati, mofulumira m'maola oyambirira kenako mwaulesi, ndipo Y5V ndiyo imatsogola. Mukawatenthetsa kupitirira pafupifupi 125 °C amabwerera mwakale, choncho kapasita yongowotcherera kumene imaoneka yathanzi kuposa mmene idzakhalire chaka chamawa. C0G siyikalamba motero.

Kalikhweru kaja mumakamva m'chaja kapena m'laputopu nthawi zina amakhala makapasita omwewa, poti dothi lawo limafufuma ndi kunyala kutsatira magetsi n'kumagwedeza bolodi. Zimachitikanso mobwerera: mukagogoda bolodi, X7R imatulutsa kamagetsi kake. Panjira yodutsa mawu kapena pasensa yomva tinthu tochepa, imeneyo sindiilola.

Kusweka sikusankha, onsewa ndi dothi. Bolodi likapindika pomanga sikuluwu kapena podula, mng'alu umayamba pansi pa mtovu pomwe diso silifika, chinyezi chimalowa, mapeto ake shoti.

Ndiye bwanji osangoika C0G paliponse? Ndikanakonda, koma imathera panjira. M'masaizi wamba mukafika cha m'ma 100 nF, kapena kuti 0.1 µF, mwayandikira kumapeto, ndipo ikamakula imadula. Malo ake ndi pa crystal (kamwala kosunga nthawi pabolodi), pazosefa mafunde, pazowerengera nthawi, pamawu ndi pamafunde a wailesi, paliponse pamene nambala iyenera kukhala nambala. Pamizere yamagetsi ndimaika X7R, volteji yake ikhale kawiri kapena kuposa ya pamzerewo, saizi yaikulu imene malo angalole. X5R ndimailola m'zinthu zosatentha pomwe malo athina. Y5V mabuku amati ili ndi ntchito m'zipangizo zotchipa zokhala pamalo osatentha kapena kuzizira, koma ine ndikaona zilembo zimenezo pa oda ndimabweza. Pomwe mota kapena chotumiza mafunde chimakoka magetsi mwadzidzidzi, ndimawonjezera kapasita ya polima kapena ya electrolytic pambali pa yaseramikiyo, chifukwa zimenezo sizitsika ndi DC.