Amapiano, reggae ya ku Chileka, kwaya kapena sungura: iti imadzutsa munthu akafooka?

Ine ntchito yanga ndi yometa. Kashopu kanga kali mphepete mwa msewu wafumbi ku Bangwe, mpando umodzi, benchi la anthu anayi, galasi losweka pakona ndi kasipika ka bulutufu komwe ndinagula kwa mavenda mu Limbe. Nyimbo zimalira kuyambira 7 koloko mmawa mpaka potseka, ndiye za nyimbozi sikuti ndikuchita kumva kwa anthu ayi, ndimaona ndekha pagalasi mmene nkhope ya munthu ikusinthira nyimbo ikasintha. Munthu amalowa atakwinya ngati wamwa mankhwala owawa, mashini ali pamutu, kenako umangoona phazi layamba kugunda pansi. Kapena silikugunda. Pamenepo ndi pomwe pali nkhani.

Mkangano unabuka ndi mfana amene amandithandiza kusesa ndi kumeta ana. Iyeyo akuti munthu ukakhala kuti zako sizikuyenda, mankhwala ake ndi amapiano basi, zinazo ndi za madala. Ine ndimati aise, iwe sunafookepo, ukungodziwa kuboweka. Chifukwa kufooka kulipo kuwiri. Kulipo kwa ulesi, kuja kwa cha m'ma 2 koloko masana dzuwa lili phwee, nsima yakhala m'mimba, kasitomala palibe, maso akungolemera. Ndiye kulipo kwinaku kwa mu Januwale, fizi ya ana sunamalize, alandilodi adutsa kawiri kudzakupatsa moni wautali uja, thumba la ufa latsala pansi, usiku tulo sitikubwera ukungowerengera ndalama zomwe kulibe. Nyimbo yochiza koyambako siyomwe imachiza kwachiwiriku.

Ndiyambe ndi amapiano, ndipo ndisanamizire kuti ndimadana nawo. Zinthu zimenezi zinachokera m'makomboni a ku Gauteng, cha ku Pretoria ndi ku Joni, zinayamba kumveka zaka za m'ma 2010 ndipo pofika 2019 zinali zitasefukira kale mpaka kwathu kuno, pano oimba athu achinyamata ambiri akuponyamo kabiti komweko. Mphamvu yake yonse ili pa kang'oma kaja amati log drum, kamene kamagunda pansi penipeni ngati wina akukumenya pachifuwa ndi pilo. Kakalowa, thupi limayankha lokha mutu usanavomereze. Pa ulesi wa masana uja amagwira ntchito ndithu, ndavomera. Loweruka madzulo shopu itadzaza, anyamata akumetetsa kuti akatchene ku ukwati kapena kokaonera mpira, ndikaika amapiano ngakhale mkono wanga umathamanga, mitu isanu ndimaimaliza osazindikira.

Koma mavuto ake ndi awa. Choyamba amafuna sipika yamphamvu. Pa foni wamba kapena pa kasipika kotchipa log drum ija imasowa, umangotsala ndi tsetsetse wa maseche ndi munthu akubwereza mawu awiri kwa mphindi 6 kapena 7, ndipo poyambira pake pamatalika, mphindi ziwiri zathunthu ukungodikira kuti kodi nyimboyi iyamba liti. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, amapiano amafuna ukhale kuti mtima uli kale pabwino kapena uli pagulu. Ndinayesapo tsiku lina mu Januwale, ndameta mitu iwiri yokha tsiku lonse, ndili ndekha, ndati ndiike za mfana uja mwina ndingachangamuke. Zinangokhala ngati ndaima panja pa mpanda ndikumvera phwando la eni ake. Mawu ake ambiri ndi Chizulu ndi zinenero zina zakumeneko, sindimva, ndiye panalibe choti mtima ugwire. Itatha nyimboyo ndinabwerera pomwe ndinali, mwinanso kutsikirako.

Reggae ya ku Chileka imagwira ntchito mosiyana kwambiri. Siyikukoka dzanja kuti dzuka uvine. Imayamba yakhala nawe pansi kaye, kukuuza kuti eya, dzikoli ndi lowawa, abale amatembenuka, olemera akulemererabe, anzathu tikuwaika m'manda, ndipo ukamamva m'chinenero chako zomwe zimakusowetsa tulo zikuimbidwa ndi munthu wina, kamtolo kaja kamayamba kupepuka pang'ono. Kenako bezi ija ndi kiyibodi zimakutenga pang'onopang'ono, umapezeka mutu ukugwedera, ukuimba nawo kolasi, pofika nyimbo yachitatu wayamba kuseka ndi kasitomala. Imachedwa kugwira, inde, koma ikagwira imakhalitsa mpaka kunyumba.

Ndimaganiza kuti chimachititsa ndi komwe nyimbozi zinadutsa. Evison Matafale, yemwe anayambitsa gulu la ku Chileka la Black Missionaries, anatulutsa zimbale za Kuimba 1 ndi Kuimba 2 basi, n'kumwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi. Anthu ambiri ankati gulu latha. Ana a kwa Fumulani analinyamula, n'kupitiriza kuwerenga, Kuimba 3, Kuimba 4, osasintha dzina. Mu 2007 Musamude yemwe ankatsogolera anamwaliranso, Anjiru n'kutenga maiki, ulendo n'kumapitirira, Anthony Makondetsa ali pambali pawo m'mashoo. Ndiye anthu amenewa akamaimba za kulira ndi kulimba mtima, sakuchita kupeka pa tebulo. Ndipo Chileka yomweyo ndi kwawo kwa a Kachamba aja, Daniel ndi Donald, komanso bambo awo a Musamude ndi Anjiru, Robert Fumulani, anali woimba wodziwika, ndiye gitala kumeneko ndi ngati khasu, nyumba iliyonse lilipo. Chaka chilichonse kumakhala chikumbutso cha Matafale konko ku Chileka, ndinapitako kamodzi ndi anzanga awiri, fumbi lake, rasta wina wachikulire pafupi nane akuimba mawu onse maso atatsinzina misozi ikutsika koma miyendo ikudumpha. Chimenechotu ndi chomwe ndikunena, kulira ndi kuvina nthawi imodzi, amapiano sangakupatse zimenezo.

Ubwino wina wa reggae yathuyi, simasankha sipika. Pa kawailesi ka mabatire, pa foni ya mabatani, mu minibasi yomwe sipika yake inang'ambika, imamvekabe chifukwa mawu ndi amene ali patsogolo. Simasankhanso munthu. Pabenchi langa pamakhala abusa, a kabaza, aphunzitsi, mwana wa sukulu, ndipo sindinaonepo wina akuti tachotsani izo. Kuipa kwake ndinene chilungamo, ukaimvera tsiku lonse nyimbo zimayamba kufanana, kagundidwe kamodzimodzi, ndipo ngati vuto lako ndi tulo ta masana ikhoza kukugonetsa ndithu. Mfana wanga uja pamenepa amawina.

Wina afunsa kuti nanga za ku Balaka bwanji, poti nayonso ndi reggae. Zoona, Alleluya Band inayamba kale mu 1978 ndipo kuchokera mmenemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, uja ankatchedwa Soja, ndipo kwa zaka zambiri Soja ndi amene ankanditsegulira shopu mmawa. Koma chimwalirireni mu Juni 2024 ndimapeza kuti ndikaika nyimbo zake shopu imangoti zii, wina amayamba kuti koma munthu uja, wina n'kuyamba za ndale, basi nkhani yalowera kwina. Ndi nyimbo zabwino zedi koma pakadali pano kwa ine zikukumbutsa maliro kuposa kudzutsa. Mwina pakapita zaka zibwerera mmalo mwake.

Tsopano kwaya. Apa ndiye amayi amene amabwera kudzametetsa ana Loweruka mmawa amandiuza mosapsatira kuti achimwene, zanu za marastazo dikirani kaye, tiikireni za Mulungu. Ndipo sindingatsutse, kwaya ili ndi mphamvu yomwe zinazi zilibe. Mawu anayi aja akakumana, soprano pamwamba, abambo a bezi pansi, pamakhala kena kake komwe kamatsegula pachifuwa ngakhale kwa munthu woti kutchalitchi anasiya kalekale. Ndikamba za makwaya ngati Great Angels kapena Ndirande Anglican Voices, komanso nyimbo za m'buku zija tinakula nazo, zomwe agogo ankaimba akupeta chimanga. Pa nkhawa yeniyeni, matenda m'nyumba, mwana ali kuchipatala, kwaya imafika msanga kuposa reggae chifukwa siyichita kuzungulira, imangokuuza kuti suli wekha, alipo akuona.

Koma kwaya ili ndi msampha wake. Nyimbo zambiri zomwe zimatonthoza ndi zomwezonso timaimba pa maliro, usiku kusiwa kapena potsitsa bokosi. Tsiku lina ndikumeta bambo wina wa ndevu zaimvi, wodekha bwino, ndinaika nyimbo ina ya m'buku, ndinangoona pagalasi maso afiira, ndinayesa kuti sipiriti walowa m'maso ndiye ndikupepesa, iwo akuti ayi mwanawe, imeneyi tinaimba poika mayi a kunyumba chaka chatha. Ndinasowa pogwira, mashini ali m'manja akungolira. Chichokereni tsiku limenelo ndimasankha, mmawa ndimaika za kwaya zothamanga zija zovina ndi masitepe, zapang'onopang'ono ndimamvera ndekha kunyumba.

Sungura anthu ambiri amaiiwala pa mkangano ngati uwu koma ine ndimaiika pamwamba ndithu. Ndi ya ku Zimbabwe koma ndi yathu theka, chifukwa oimba ake akuluakulu ena ndi ana a anthu akwathu omwe anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi kumeneko. Alick Macheso anabadwira ku Shamva mu 1968, anakulira pa famu, anadutsa mu Khiama Boys ya Nicholas Zakaria asanayambitse gulu lake, ndipo onse awiriwa ali ndi nyimbo zomwe amaimba m'Chichewa, Chichewa chake chija chopindika pang'ono chomwe chimakoma kumva. Sungura ndi nyimbo ya ntchito. Gitala ya bezi imathamanga ngati ikuyankhula, ng'oma sizipuma, nyimbo imodzi imatha kupitirira mphindi 8 kapena 10 ndiye sumagwiragwira foni ndi manja a tsitsi. Ukamachapa, ukamakolopa, ukamapalasa njinga kukwera chitunda, palibe inzake. Siyikufunsa kuti mtima uli bwanji, imangokuika mu giya. Pa ulesi imapikisana ndi amapiano ndipo kwa ine imawina chifukwa gitala imamveka bwino ngakhale pa sipika yotchipa. Pa nkhawa ya Januwale imathandiza theka, imakuiwalitsa koma siyikuchotsera, ikatha nkhawa ija umaipeza ikukudikira pakhomo.

Pali nkhani inanso yomwe anthu a mabandulo a mwezi samaiganizira. Amapiano amasintha sabata iliyonse, yomwe inali moto mwezi watha lero mfana akuti imeneyo ndi yakale bigi, ndiye umangokhalira kudawuniloda, bandulo kutha ngati madzi. Za Chileka, kwaya ndi sungura ndinabenetsa kamodzi pa memore khadi kwa anyamata obena nyimbo pamsika, zaka zitatu zapitazo, mpaka lero zikugwira ntchito ndipo palibe yomwe yaola. Magetsi akazima, zomwe sizachilendo, mashini anga a batire amatha kumeta mitu ingapo, koma kasipika ndikakakweza kuti log drum imveke batire yake siyichedwa kutha, pomwe reggae pa voliyumu yapakati imandifikitsa madzulo.

Ndisaiwale zakale zija za banjo ndi gitala imodzi, za a Namoko ndi a Giddes Chalamanda. Izi sindiziika mu mpikisano chifukwa zimagwira ntchito ina, zimaseketsa. Agide atajambula ndi Namadingo mu 2020, nyimbo yawo ina n'kudzafalikira pa TikTok dziko lonse lapansi iwo ali ndi zaka zoposa 90, ngakhale mfana wanga wa amapianoyu ankaiimba akusesa. Ukaika zimenezi pabenchi pamabuka nthabwala, wina akumbuka kumudzi, wina ayerekeza kavinidwe ka agogo ake, mphindi khumi zadutsa anthu akuseka. Koma maola awiri sungazimvere.

Ndiye mukandifunsa kuti ndisankhe imodzi yokha, ya pa memore khadi yomwe ndingatsale nayo zina zonse zitafufutika, ndi Chileka. Ulesi ndikhoza kuuthamangitsa ndi madzi ozizira kumaso kapena tiyi wa pa kona, sufuna nyimbo kwenikweni. Chomwe chimandigwetsa ine ndi chinacho, cha usiku chija, ndipo pamenepo ndimafuna mawu a munthu wolankhula ngati ine amene wadutsamo. Kwaya ikubwera pachiwiri, ikanakhala yoyamba pakanapanda za maliro zija. Sungura ndi ya manja akakhala pa ntchito. Amapiano ndi a Loweruka, thumba likakhala kuti lili ndi kenakake.

Mfana uja sanagonje, ndipo tinagawana nthawi, iye amalamulira sipika kuyambira 1 koloko mpaka 4, ine mmawa ndi madzulo. Koma sabata yatha chibwenzi chake chinamusiya, akuti chapeza wa galimoto. Anabwera mochedwa, osapereka moni bwinobwino, anasesa tsitsi n'kulisiya pakhomo pomwepo osaola. Itakwana 1 koloko ndinamupatsa foni kuti nthawi yako iyi, ika zako zija. Anaiyang'ana, n'kundibwezera.

"Ingosiyani zomwezo bigi," anatero, n'kukhala pabenchi. Inali Kuimba 2.