Ulendo wokaona miyala ku Sea Point: nyenyezi 4 mwa 5

Ndalama zanga sindikuzidandaula, koma musanalipire funsani kaye ngati ulendowu ukhale pa nthawi imene nyanja yaphwa. Gulu lathu linafika madzi atayamba kale kukwera, moti miyala ina imene tinadzera inali itamira. Nyenyezi imodziyo ndachotsera pamenepo, chifukwa okonza ulendo amadziwa nthawi ya madzi kuposa ife makasitomala.

Wotiyendetsa anali mayi wina wophunzira za miyala, woleza mtima ndi mafunso athu. Anatitsitsira pa Sea Point Contact, cha ku Queen's Beach, pamalo pamene ambirife okhala ku Cape Town timangodutsa. Pali mitundu iwiri ya miyala: wakuda wa Malmesbury, umene kale unali matope pansi pa nyanja, ndi granite wotuwa. Pamene yakumanapo palibe mzere wowongoka ayi. Granite walowerera m'ming'alu ya wakudawo, ndipo zibenthu zakuda zatsalira mkati mwake, zina zitapindika, kusonyeza kuti zinafewa ndi kutentha. Anatiuza tikhudze timiyala toyera ta feldspar, tina totalika ngati chala, n'kutifotokozera kuti timakula chonchi chiphalaphala cha miyala yosungunuka chikamazizira pang'onopang'ono pansi penipeni pa nthaka.

Apa ndi pamene ndinaona phindu la kulipira munthu wodziwa. Zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo nyanja yakale ya Adamastor inkatsekeka pamene zigawo za mtunda waukulu wakale wa Gondwana zinkalumikizana. Miyala ya m'mphepete mwa mtunda inapanikizika n'kusungunuka, chiphalaphalacho chinakwera koma sichinabowole kufika kunja, chinaumira m'njira n'kukhala granite. Granite yemweyu ndi amene ali ku Boulders kuja kuli mapengwini, komanso kunsi kwa msewu wa Chapman's Peak. Wasayansi Charles Darwin naye anaima pamalo amenewa mu 1836, ngakhale mayiwo anatha nthawi yambiri pa iyeyu kuposa mmene ine ndikanafunira.

Nditafunsa za Mulanje sanazengereze: nawonso unaumira pansi, koma pa zaka ndi wamng'ono kwambiri, pafupifupi 130 miliyoni, ndipo unabwera mtunda ukung'ambika, osati ukulumikizana.

Valani nsapato zogwira bwino, miyala yake ndi yoterera. Mphepo ikamawomba imani pafupi ndi mayiwo, apo ayi simumva kanthu. Ana aang'ono atopa msanga.