Shopu ya pa Luchenza imene inadzutsa Windows ndi Ubuntu popanda kufomata

Okonza makompyuta ambiri a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje ali ndi yankho limodzi pa kompyuta iliyonse imene yakana kuyaka bwino, ndipo yankholo ndi kufomata. Kwa munthu amene amangolemberapo makalata mwina zimenezo sizipweteka kwambiri, koma kwa ife amene timasunga Windows ndi Ubuntu (mtundu wina wa Linux) pa disiki imodzi, kufomata ndi kutaya ntchito ya mbali zonse ziwiri chifukwa cha vuto limene kawirikawiri limakhala laling'ono. Pa Luchenza, kufupi ndi msika, pali kashopu kamene mmisiri wake amayamba waona mmene disiki inagawidwira asanakhudze china chilichonse. Ndikuona kuti ndi malo oyenera kudziwidwa ndi aliyense woyendetsa Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, makamaka ophunzira a zamakompyuta a ku MUST, ngakhale kuti pali zingapo zimene sizinandisangalatse.

Shopuyo ndi chipinda chimodzi chimene kutsogolo kwake amachitirako fotokope ndi kusindikiza mapepala, ndipo tebulo lokonzera makompyuta lili kuseri kwa kabati. Pansi pa tebulopo pali batire lalikulu ndi inveta, chinthu chofunika kwambiri pa ntchito ya mtundu uwu, popeza magetsi akathima disiki ili mkati mosinthidwa, zimene zimawonongeka zimaposa zimene munabwera nazo.

Laputopu imene ndinapita nayo ndi ThinkPad T460 yogula kwa munthu, ya disiki imodzi. Pa Windows 10 ndi pamene pali mafayilo a Excel a kalabu yathu ya alimi a tiyi, pamene Ubuntu ndimaigwiritsa ntchito potsegula mafulashi ochokera m'malo osindikizira, chifukwa mavairasi amene amabisa mafoda sagwira ntchito kumeneko. Mnyamata wina wa kuntchito, pofuna kuwonjezera malo pa C:, gawo la disiki pamene pali Windows, anatsegula Disk Management, chida cha Windows choonera magawo a disiki, n'kuona kagawo ka 4 GB kopanda dzina, kamene Windows inkasonyeza ngati mulibe kanthu, ndipo anakafufuta. Windows sidziwa kuwerenga magawo a Linux, choncho imawaonetsa onse ngati opanda kanthu. Kompyutayo itazimitsidwa n'kuyatsidwanso, panangobwera sikirini yakuda yolembedwa kuti "error: no such partition", ndipo m'munsi mwake munali mawu akuti "grub rescue>". Sinkalowa ku Windows, sinkalowanso ku Ubuntu.

Mmisiriyo sanafulumire kulonjeza chilichonse. Anandifunsa kuti chomaliza kuchitika n'chiyani kompyuta isanakane, kenaka anafunsa ngati Windows yanga ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera zonse za pa disiki, ponena kuti ngati ilipo sangayambe ntchito asanaone kiyi yake ya manambala 48. Yanga inalibe. Atatero analowetsa fulashi ya Ubuntu, n'kuyatsa kompyutayo kudzera pa fulashipo, n'kutsegula GParted, pulogalamu yoonetsa mmene disiki inagawidwira, ndipo anatembenuza sikirini kuti ndione nawo. "Taonani apa, bambo, katundu wanu yense alipo. Chasokonekera ndi nambala yokha," iwo anatero.

Zimene anafotokoza pamenepo ndi zimene zinandichititsa kuwakhulupirira. Ngakhale laputopuyo imatha kuyenda ndi UEFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta, amene anaikamo Windows poyamba anaiika m'njira yakale ya Legacy, ndipo disiki inagawidwa mwa dongosolo la MBR. Dongosolo limeneli limalola magawo akuluakulu 4 okha. Wofuna ochulukirapo amasandutsa limodzi mwa magawowo kukhala extended, n'kudulamo timagawo tina mkati, ndipo Linux imayamba kuwerenga timagawo ta mkatito pa nambala 5. Pa disiki yanga, sda5, kutanthauza gawo la nambala 5, linali gawo la swap, limene Ubuntu imasungirako zinthu RAM ikadzaza, ndipo sda6 ndi pamene panali Ubuntu yeniyeniyo. Timagawo ta mkati timeneti timawerengedwa motsatizana, moti 5 atachotsedwa, amene anali 6 anasanduka 5. Koma GRUB, kapulogalamu kamene kamabweretsa mndandanda wosankhira Windows kapena Ubuntu, kagawo kake koyamba kamakhala koyambirira kwa disiki ndipo kanali kakukumbukirabe kuti mafayilo ake otsala ali pa nambala 6. Zili ngati wonyamula makalata amene wapatsidwa nambala ya nyumba, n'kupeza kuti nyumba za mumzerewo zapatsidwa manambala atsopano usiku: nyumbayo ilipo ndipo eni ake ali momwemo, koma iye sangaipeze. Popeza GRUB ndiyo imatsegulanso njira yopita ku Windows, itasochera mbali zonse ziwiri zinatsekeka.

Asanakonze, anaumirira kuti mafayilo ofunika akopedwe kaye pa disiki ina. Apa ndi pamene ndinaona chofooka choyamba cha shopuyi: alibe disiki yapadera yosungirapo katundu wa makasitomala, moti ndinachita kukabwereka kwa mnzanga. Aliyense wopita kumeneko atenge yake. Pamene mafayilo ankakopedwa, anayang'ananso thanzi la disikiyo pa SMART, njira imene disiki imadziyezera yokha, ponena kuti n'kupanda nzeru kukonza magawo pa disiki imene yayamba kufa. Yanga inali bwino.

Kukonza kwenikweniko kunali kwa mizere yochepa. Anachotsa fulashi, n'kubwerera pa sikirini yakuda ija, n'kulemba ls kuti aone magawo amene GRUB ikuwaona. Atatsimikiza kuti foda ya boot ili pa (hd0,msdos5), mmene GRUB imatchulira gawo la nambala 5 lija, anauza GRUB malo atsopanowo ndi set prefix, kenaka analemba insmod normal ndi normal, ndipo mndandanda uja unatulukira. Ambiri akanaimira pomwepa n'kulandira ndalama, chonsecho zimenezi zimagwira kamodzi kokha, ndipo kompyuta ikazimitsidwa vuto limabwereranso. Iwo analowa mu Ubuntu n'kuikanso GRUB pa disiki ndi grub-install, kenaka update-grub, kuti nambala yatsopanoyo ikhazikike.

Ubuntu inachedwa kwambiri kutseguka ulendo woyambawo, pafupifupi mphindi imodzi ndi theka ili chiimire, ndipo mmisiriyo anali atandichenjeza kale kuti zitero. Mu fayilo ya /etc/fstab munali mukadali mzere wolamula kuti swap itsegulidwe, ndipo Ubuntu inkadikira gawo limene kulibenso mpaka nthawi yake yodikira, masekondi 90, itatha. Anafananiza ma UUID, manambala ozindikiritsa gawo lililonse, a mu fayiloyo ndi amene lamulo la blkid linaonetsa, n'kuchotsa mzere wakufawo, ndipo m'malo mopanganso gawo lina anapanga swap ya fayilo, njira imene Ubuntu yakhala ikutsata kuyambira pa 17.04. Ndinafunsa ngati malo a 4 GB otsalawo angaperekedwe ku C: monga mnyamata uja ankafunira. Anayankha kuti malowo ali mkati mwa extended, kotero Windows singawatenge, ndipo kuti apite ku Ubuntu pangafunike kusuntha chiyambi cha gawo lonse, ntchito yokopa chilichonse chili m'menemo kwa nthawi yaitali. Iwo anati phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi chiopsezo, ndipo ndinagwirizana nawo. Mmisiri amene amakana ntchito yoti akanawonjezerapo mtengo chifukwa siithandiza kasitomala ndi wosowa.

Atayatsanso kompyuta, mndandanda unabwera uli ndi Ubuntu yokha, dzina la Windows palibe. Mtima unandigunda, koma iwo sanatekeseke. Anati kuyambira pa GRUB 2.06, imene inatuluka mu 2021, kapulogalamu kofufuza ma operating system ena pa disiki, kotchedwa os-prober, kamabwera kali kozimitsa. Analemba GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub, n'kubwereza update-grub, ndipo Windows 10 inaoneka pa mndandanda. Analowa mbali zonse ziwiri ine ndikuona, ndipo anandiuza kuti nditsegule ndekha mafayilo a kalabu kuti nditsimikize.

Panali mavuto ena awiri akale amene sindinawatchule, koma anawazindikira okha. Loyamba linali lakuti ndikakhala ku Ubuntu, nthawi zina ndinkatha kuwerenga mafayilo a ku Windows koma osatha kusungako kanthu. Chochititsa ndi Fast Startup, imene inayamba ndi Windows 8: mukazimitsa, Windows sitseka kwathunthu koma imagona, ndipo Linux ikapeza gawo la Windows, la mtundu wa NTFS, lili m'tulo choncho imakana kulembapo poopa kuwononga mafayilo. Anaizimitsa mu Power Options. Lachiwiri linali la wotchi, imene inkatsalira ndi maola 2 ndikachoka ku Ubuntu kupita ku Windows. Ubuntu imasunga nthawi ya UTC, imene mayiko onse amawerengerapo nthawi yawo, pa wotchi ya mkati mwa kompyuta, pamene Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko, ndipo dziko la Malawi lili patsogolo pa UTC ndi maola 2. Analamula Ubuntu ndi timedatectl kuti izisunga nthawi ya kuno, ndipo kusiyanako kunatha. Pa mafayilo a ndalama za alimi, pamene nthawi yosungira fayilo imathandiza kudziwa kuti yatsopano ndi iti, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Pa luso ndilibe chodandaula, koma kayendetsedwe ka shopuyo kakufunika kukonza. Mtengo sananene poyamba ngakhale ndinafunsa, anangoti tiona ntchito ikatha, ndipo pamapeto pake unali wokwererapo kuposa umene ena amatchula pofomata. Sindikuti unali wosayenera, poganizira kuti palibe fayilo imene inatayika, koma munthu wochokera kutali ngati ku Muloza kapena ku Thekerani ayenera kudziwiratu kuti asunge ndalama zingati. Kulipira n'kosavuta, chifukwa amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Risiti imene anandipatsa inangolembedwa kuti kukonza laputopu, osatchula zimene zinasinthidwa, chonsecho pa ntchito ya magawo a disiki mmisiri wina wodzagwira kompyutayo mtsogolo amafunika kudziwa mbiri yake. Ndinachita kupempha kuti andilembere kuseri kwa risitiyo, ndipo analemba mosanyinyirika.

Kudikira nakonso kulipo. Mmisiriyo ndi yemweyo amene amaitanidwa makina a fotokope akatafuna pepala, ndiponso amene amathandiza obwera ndi mafoni, choncho ntchito yanga inkaima kawirikawiri. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi khalidwe la mnyamata wophunzira ntchito pamenepo, amene anandifunsa pasiwedi n'kuilemba pa kapepala kamene anakamata pa chivundikiro cha laputopu, pamalo poti aliyense wobwera kudzachita fotokope akanatha kuwerenga. Nditadandaula, bwana wakeyo anakachotsa n'kundipepesa, ndipo kuyambira pamenepo ndinkailemba ndekha ikafunika. Amene akusiya kompyuta yake usiku asinthe pasiwedi akakaitenga. Shopuyo sisunganso ma SSD (madisiki a mtundu watsopano) kapena RAM, moti zikafunika amachita kuitanitsa ku Limbe.

Ndisananyamuke ndinafunsa za Windows 11, popeza kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Yankho lawo linali losabisa. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndiponso UEFI, kutanthauza kuti disiki iyenera kukhala ya GPT, dongosolo limene Windows imalola magawo mpaka 128 popanda za extended. Chida cha Microsoft chosinthira disiki popanda kufufuta, mbr2gpt, chimakana disiki imene ili ndi gawo la extended ngati yangayi, ndipo purosesa ya T460 ndi Intel ya m'badwo wa 6, umene suli pa mndandanda wovomerezeka wa Windows 11. Anati njira zolambalalira malamulowo amazidziwa, koma sangazilimbikitse pa kompyuta yosunga kaundula wa ndalama za anthu. Malangizo awo anali akuti ntchito zonse za pa intaneti ndizichitira ku Ubuntu, imene ikulandirabe zigamba za chitetezo, Windows itsalire Excel yokha, ndipo tsiku limene ndidzagule SSD adzaike zonse ziwiri mwatsopano pa GPT ndi UEFI, kuyambira Windows kenaka Ubuntu, kuti GRUB idzakhale yomaliza kulembedwa.